Munda Umene Unawoloka Mtsinje

Mbande zanga zinali zitafika m'mawondo. Amene analimapo mpunga akudziwa kuti mbande ikafika pamenepo yakalamba, imayenera kukhala itachoka kale pa nazale. Masamba anali atayamba chikasu kunsonga. M'mawa uliwonse ndinkapita kuseri kwa nyumba kumene ndinafesa, pafupi ndi chitsime, kukaziyang'ana, kutukwana, nkubwerera. Masana ndipitenso. Khasu lili pakhonde, manja ndili nawo, munda ndili nawo, koma ati ndisaukhudze.

Mundawo anandisiyira amuna anga, malemu a Mcdonald, bambo a Eveles. Ndi dambo la makande akuda m'mbali mwa mtsinje wa Namilulu, kufupi ndi kumene umathira m'nyanja. Tinauswa awiriwiri uli bango lokhalokha, zikhatho mpaka kung'ambika. Palibe m'bale anabwera ndi chikwanje kudzatithandiza. Iwo atamwalira ndinapitiriza ndekha, ndipo kilombero wa m'mundamo ndiye wandidyetsa, wandiveka.

Chaka chatha mu Febuluwale Namilulu anapenga. Anatenga mpunga wonse, mbuzi za anthu, ndi zimbudzi zomwe. Madzi ataphwa tinapeza kuti mtsinje wasiya njira yake. Kale unkazungulira kuseri kwa munda wanga. Tsopano unadula pakati pa munda ndi mudzi, ndipo kumene unkadutsa kale kunangotsala khwawa la mchenga. Munda sunasunthe ayi. Nthochi zimene anabzala a Mcdonald kumunsi kwake zinali pomwepo. Koma kuti ndikafikeko ndinayenera kuwoloka.

Tsono kuno malire ndi mtsinje. Mwana aliyense amakula akudziwa kuti tsidya lino ndi kwa Kalonjere, tsidya ilo ndi kwa Matumbi. Palibe mwala, palibe mtengo. Makolo athu anali mudzi umodzi, anatsika kumapiri a ku Dowa akutsata madziwa, ndiye anadzakanganirana malo otchera miono ya mpasa. Ena anawoloka. Pogawana anangoti mtsinje ndiwo uweruze, osaganiza kuti mtsinje uli ndi miyendo.

Ndili mtsikana, kwa Kalonjere kunali nyumba zoti ukayamba kupereka moni m'mawa unkamaliza dzuwa lili pamutu. Lero pitani mukaone. Madzi akhala akuthamangitsa anthu chaka ndi chaka. Ena ali ku sikimu ku Chinguluwe, ena akuyanika usipa ku Senga Bay, anyamata ali ku chilumba cha Mbenji kapena ku Joni. Kwatsala nkhalamba, amasiye ndi zitsa za nyumba. Kwa Matumbi ndi kokwera, kuli msewu, kuli chigayo, ndiye anthu akuswana, polima palibe. Ataona dothi latsopano limene madzi anasiya pamunda panga, lakuda bii, lonona, malovu anadzaza mkamwa. Ati mtsinje watipatsa.

Ine Tionenji ndinabadwira kwa Matumbi komweko. Kwa Kalonjere ndinabwera chitengwa.

Mafumu a midzi iwiriyi anati pasapezeke wobzala mpaka atakhala pansi. Anati akhala pansi anthu akakolola. Anthu anakolola. Kenaka kunagwa maliro. Kenaka wina anadwala mwendo. Kenaka ati tidikire a kuboma. Ine ndinafesa nazale yanga ndithu, poganiza kuti anthu akuluakulu sangafike mvula asanalankhule. Uchitsiru wanga.

Tsiku lina ndili pa nazale pomwepo ndinamva belu la njinga.

"Odi kuno, alamu!"

Anali a Samueli, akulu awo a malemu. Munthu amene chimwalirireni mng'ono wake sanabwerepo kudzafunsa ngati denga likudontha. Pa hendulo panali chambo chowamba.

"Nsombayi yasochera?" ndinafunsa.

"Aa, alamu, pakamwa panupa. Munthu osabwera kudzaona m'bale?"

"Ubale wayamba liti? Madzi atabweretsa dothi?"

Anaseka, nakhala pa mtondo wogubuduzika. Anati amva kuti ndikulankhula zowoloka ndi mbande, ndiye ndisayerekeze, ndiwononga mlandu.

"Inu mungokhala phee. Bola muli pamudzi pano, munda uja ndi wa Kalonjere. Tikauza mafumu kuti mwini wake ndi uyu, mtengwa wathu, sanachoke. Inu ndinu chikhomo chathu, alamu."

"Chikhomo? Chomangirapo mbuzi chija?"

"Ndi mawu chabe."

"Nanga chikhomocho chidya chiyani chaka chino? Chidya mlandu?"

"Chaka chimodzi sichipha munthu."

"Chiwiri ichi. Chatha anadya ndi madzi, chino mukufuna mudye ndinu."

Pamenepo ndinawakumbutsa za kusudzula. Mwamuna akamwalira, maliro akametedwa, abale ake amakukhazika pamphasa pamaso pa akuluakulu, amaika kanthu m'mbale, nkunena kuti wamasuka, ufune kukhala ukhale, ufune kupita upite. Ine mvula zinadutsa zingapo a Samueli akungoti tidikire Dalitso, mng'ono wawo wotsiriza, abwere ku Joni. Dalitso amene ngakhale foni saimba. Sindinkafuna banja lina ayi, ndinatopa nazo. Ndinkangofuna kudziwa kuti ndaima pati.

"Zosudzula zisiyeni kaye," anatero akukwera njinga. "Panopa ndiye ayi ndithu."

Chambo ndinadya. Nsomba sinandilakwire.

M'mawa mwake ndinapita padoko, Gift wa bwato anandiwolotsa chimanjamanja. Ndinati ndikaone achimwene anga a Elliot, amene ndi mwinimbumba wathu kwa Matumbi. Njira inadzera pamunda panga. Munda wonse wogalauza. Mapazi a ng'ombe ali mbwee, mizere ya pulawo kuyambira kumtunda mpaka ku nthochi.

A Elliot ndinawapeza akukhoma tayala la ngolo.

"Achimwene, walima munda wanga ndani?"

"Moni kaye, chemwali. Kwa Kalonjere anakulanda ndi ulemu womwe?"

"Mwadzuka bwanji. Walima munda wanga ndani?"

"Ng'ombe ndimangoziyesa goli latsopano. Mafumu analetsa kubzala, sanaletse kuyesa ng'ombe."

"Dziko lonseli, poyesera ng'ombe ndi pa makande a bambo a Eveles?"

Anaika hamala pansi. A Elliot sakweza mawu, ndiye amandipsetsa mtima koposa.

"Tamvera, Tionenji. Munda wako waona nzeru, wabwera kwanu. Iwe ukutsaliranji kumabwinja kuja? Ukawauze akusudzule, ubwere. Ukabwera, mundawo ndi wa mbumba yathu. Tiugawa bwinobwino, iwe ndime yako, Lena ndime yake, Nancy ndime yake."

"Lena anagwirapo chikwanje pamenepo? Nancy analumidwapo ndi misundu?"

"Lena ali ndi ana asanu ndi mmodzi pa kamunda konga mphasa. Iwe uli wekha. Mimba yako ndi imodzi."

Apo sananame, ndipo zinandiwawa chifukwa sananame. Lena ndi mng'ono wanga wobadwa naye bere limodzi, ndinamubereka kumsana. Nancy naye ndi m'bale wathu wa mbumba yomweyo. Koma chifundo chimenechi a Elliot ankachitira pa thukuta la ine. Dimba lawo la kumtunda, lalikulu lija, sanalitchule.

"Nanga mafumu?" ndinatero.

"Mafumu?" Anamwetulira. "Unamvapo mfumu italamula kuti chobzala chizulidwe? Chikalowa m'dothi chalowa. Wobzala ndiye amakolola, mlandu uzidzabwera pambuyo."

Pobwerera ndinadzera kwa Lena. Iye kunalibe, koma kuseri kwa nyumba yake ndinaona nazale. Mayo ine! Yobiriwira, yothirira bwino, yaikulu yoti kamunda kake kangalowemo katatu. Anthuwa sankadikira kuti ndisudzulidwe. Ankadikira mvula.

Kuyambira tsiku limenelo pansi sindinakhalenso. Ndikasesa pabwalo ndiyang'ane kumwamba. Ndikatunga madzi ndiyang'ane kumwamba. Mitambo inkaunjikana kunyanja, kuda, kugunda, nkubalalika. Ndipite padoko kukasuzumira tsidya, ndibwerere, ndipitenso. Agalu a m'mudzi anasiya kundiuwa.

Eveles anaimba foni ali pa thandala lake la usipa ku Senga Bay.

"Amayi, zisiyeni zimenezo. Mbandezo kagulitseni ku Chinguluwe, mubwere kuno. Pogona palipo."

"Ndidzakhale wothamangitsa ntchentche pa usipa wako?"

"Nanga mufere munda?"

"Bambo ako anafera chiyani? Chifuwa chija anachitenga kuti, si m'matope momwemo?"

Anangoti kaya, mayunitsi atha.

Mvula inabwera kum'mawa kwa Lachisanu, yeniyeni, yosagunda, yongotsika. Ndinadziwa kuti Lachisanu a Elliot amapita ndi ngolo ku Salima kukasiya matumba a anthu, ndipo Lena sangalowe m'munda mwanga popanda iwo kumutsogolera. Ndinalowa mu nazale nkuyamba kuzula. Ndinadula nsonga zachikasu, kumanga mitolo ndi mlaza, kututa mpaka padoko.

Gift ataona mitolo anabisa nkhafi kumbuyo.

"Amayi, inu ndikuwolotsani. Koma izi ayi. Mafumu andilanda doko."

"Sukuwolotsa mbande, ukuwolotsa ine. Katundu ndi wanga."

"Ayi amayi, ndili ndi ana."

"Ana akowo amadya mpunga wa kumwamba?"

Anakankhira bwato pakati pa madzi, nkumandiyang'ana ali kutali ngati ndine ng'ona.

Madzi anali asanakwere kwenikweni, pakati ankafika pachifuwa. Koma mitolo inali yambiri, yolemera ndi matope, ndipo kusenza umodziumodzi kukanandithera tsiku. Ndinafuna chinthu choyandama. Ndinathamangira kunyumba, kuyang'ana uku ndi uku. Beseni laling'ono. Mphasa ingamire. Maso anagwera pa chitseko. Chitseko cha mlombwa, chachikulu, chimene a Mcdonald anakhomesa chaka chimene tinafolera malata. Ndinatenga nkhwangwa, kutema mahinjesi, kuchisenza pamutu.

Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, mutu wanga unali pa mbande basi. Ndinaiwaliratu kuti kuno mkazi akazula chitseko nkutuluka nacho m'mudzi, ndiye kuti wathetsa nyumba, watukwana eni mudzi kuti kwanu kuno kulibe chotsekera. Ndinadutsa nacho pakati pa mudzi mvula ikugwa, anthu akusuzumira m'makhonde, ine ndikungoti akudabwa mphamvu zanga.

Chinayandama bwino. Ndinasanjapo mitolo, kumanga chitenje m'chiuno, kulowa m'madzi ndikukankha. Madzi ozizira, amatope, akukoka miyendo. Za ng'ona ndinaziganiza ndili pakati, ndiye ndinangoti ikandigwira igwire, ikafotokoze yokha kwa mafumu. Ndinatula tsidya, kubwerera, kusanjanso.

Ulendo womaliza ndikufika tsidya la munda, ndinamva dzina langa. Nditacheuka, doko la kwa Kalonjere ladzaza. Mudzi wonse, ndiye kuti nkhalamba zija ndi amasiye anzanga, ena afunda mapepala a pulasitiki, ena masamba a nthochi. Patsogolo a Samueli, malaya atamata pathupi.

"Alamu! Mwatichita chiyani?"

"Ndikukawokera mpunga!"

"Ndi chitseko?"

"Mumafuna ndiwolotse ndi chiyani, chipewa chanu?"

Anthu anaseka, ndipo kusekako ndiko kunawononga zinthu. A Samueli sapirira kusekedwa.

"Chitseko cha mng'ono wanga! Mwachizula dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona!"

"Dzuwa lake liti? Mvula iyi simukuiona?"

"Mwatitukwana! Mwanena kuti kwa Kalonjere ndi kubwinja!"

Apo ndi pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndinayang'ana chitseko chili gone pamatope. Ndikanatha kufuula kuti pepani, ndibweza madzulo, sindimatanthauza zimenezo. Mawuwo anafika pakhosi. Koma ndinaona nkhope ya a Samueli, munthu wonditcha chikhomo, ndipo pepaniyo anabwerera m'mimba.

"Nanga si kubwinja?" ndinakuwa. "Tawerengani amene mwaima pamenepo, ndani ali ndi mano onse?"

A Samueli anapisa m'thumba, kutulutsa kandalama kachitsulo, nakaponya ndi mphamvu zonse. Kanagwera m'madzi, ngakhale pakati sikanafike.

"Ndakusudzulani! Pitani! Anthu onsewa ndi mboni! Ndakusudzulani, Tionenji, musadzapondenso pakhomo paja!"

Kenaka mayi Anna, azakhali awo a malemu, amene ndi wamkulu wa onse otsala m'mudzimo, analankhula mokweza poti ndi ogontha.

"Samueli, tamva. Wamusudzula mwana wa eni. Nanga kwa mafumu ukanena kuti munda ndi wa yani?"

A Samueli anayang'ana pamene panagwera kandalama paja ngati angakavuule.

Ine ndinalibe nthawi. Chinthu chimene ndinachidikira zaka chinabwera chondiponyera ngati fupa la galu, ndipo nyumba ya malata inapita nacho. Misozi inatuluka, sindikana, koma inatulukira m'munda ndili chiweramire.

A Elliot anagalauza bwino, ndiwayamikire pamenepo. Matope anali ofewa ngati phala. Koma munthu mmodzi sawokera munda wonse tsiku limodzi, ngakhale atakhala ndi manja anayi. Ndiye ndinachita chinthu chimene a Mcdonald akanadzuka nacho m'manda. Mpunga timawokera mothithikana, chikhatho chimodzi pakati, mizere yowongoka. Ine ndinkabaya mbande imodzi, kulumpha phazi lalikulu, kubaya ina. Mpunga wa apo ndi apo ngati tsitsi la nkhalamba. Ndinkadziwa kuti udzu udzalowa pakati, ndidzapalira mpaka msana kuthyoka, zokolola zidzachepa. Koma paliponse pamene paima mbande yanga, palibe akanaponda.

Ndinayambira kumtunda, kufupi ndi khwawa, kumene a kwa Matumbi akanalowera. Ndinkabwerera chambuyo kulowera kumunsi. Osadya, osamwa, osawongola msana. Misundu inandimata m'miyendo, ndinaisiya imwe. Maso ankangothamangira kukhwawa. Mbalame ikauluka m'bango, mtima phaa, ndiye afika. Mvula inakata, inayambanso.

Anafika dzuwa litapendeka. A Elliot patsogolo ndi ambulera, Lena pambuyo ndi dengu la mbande pamutu, Nancy pambuyo pake ndi lina. Anatsika khwawa, lomwe linali litayamba kuyenda timadzi, nakwera. Anaima m'mphepete.

"Tionenji! Ichi nchiyani?"

"Mpunga, achimwene. Simuudziwa?"

"Uku nkuwokera kapena nkhuku yapalasa?"

"Zulani ngati sukukusangalatsani. Yambani ndi iyo ili pa phazi lanuyo. Ndikuonereni."

Anayang'ana mbande ili pafupi ndi nsapato yawo. Kambande kofooka, kodula nsonga, kopendama. Anasuntha phazi kukapewa.

"Tamva kuti akusudzula. Ndiye kuti wabwera kwanu. Munda ndi wa mbumba."

"Mwandiona nditawoloka khwawalo? Kwa Matumbi ndi uko mwachokera. Ine ndili pamunda."

"Ugona pamunda?"

"Zogona zanga munayamba kuzidandaula liti?"

Nancy anatula dengu nayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira m'mimba, nati iye zamisalazi sangazithe, akupita. Anapitadi. Koma a Elliot ndi munthu wa maso. Anayenda m'mbali mwa munda, osaponda mbande ngakhale imodzi, mpaka anafika pamene ndinali. Anayang'ana m'manja mwanga. Munali kamtolo kamodzi, komaliza. Kumbuyo kwanga, kuyambira pamenepo mpaka ku nthochi, matope okhaokha opanda kanthu. Chigawo cha kumunsi, chosunga madzi bwino kuposa ponse, chimene chinkatipatsa mpunga ngakhale chaka cha chilala.

"Lena," anatero osakweza mawu, "bwera uyambire apa."

Ndinamasula kamtolo kaja, kugawa mbande imodziimodzi, kuthamanga nazo cham'mbali kuti nditseke njira. Zinatha ndisanafike pakati. Ndinaima manja ali lende, matope akudontha. Ndinaganiza zozula zina kumtunda kudzabaya kuno, koma kutseka uku kukanatsegula uko.

Lena anatula dengu pa nthochi za a Mcdonald. Sanandiyang'ane. Anamanga chitenje, kulowa m'matope, kuyamba kuwokera. A Elliot anaima pang'ono, kenaka anati ng'ombe sanazimasule pagoli, nabwerera.

Tinatsala awiri. Ine ndinapita kukakoka chitseko padoko, kuchikwezera pa kachulu ka pakati pa munda pamene madzi safika. Ndinadula mitengo iwiri ya mphanda m'khwawa, kuizika, kutsamiritsa chitseko, kuponya bango pamwamba. Tsidya, doko la kwa Kalonjere linali litatha anthu. Mtsinje unali ukukwera, wofiira, ukunyamula zinyalala. Kubwerera kukatenga mapoto ndi bulangete kunali kosatheka tsiku limenelo, ngakhale akanandilola.

"Achemwali," Lena anaitana ali chiweramire.

Ndinapitiriza kuponya bango pa chitseko.

"Achemwali, m'denguli pansi muli chinangwa chophika."

"Udye wekha. Wakuba iwe."

"Ndine wakuba, inde. Koma chinangwa chilimo."

Ndinakhala pansi pa chitseko changa kuchotsa misundu. Njala inandipota m'matumbo. Ndinapirira, ndinapirira, kenaka ndinadzuka, kudutsa pakati pa mbande zanga za apo ndi apo, kukapisa m'dengu. Ndinadya nditaima, ndikumuyang'ana akuwokera pa dothi langa labwino. Mwana ameneyu chibadwire sadziwa mzere. Unkayamba bwino, nkukhota ngati njoka.

"Nthochizo usakhudze," ndinatero. "Ngakhale tsamba."

"Ndamva."

"Ndipo mzere wakowo ukulowera kwanga. Ukadutsa mbande iyo ndikuthyola dzanja."

"Ndiye mundiimire pamenepo ndiziwongolera pa inu."

Ndinaima pa mbande yanga yomaliza, chinangwa kumanja, madzi m'akakolo. Lena anakweza mutu, kuyeza ndi diso pamene ndaima, nabaya.